Mukafuna kusunga bilimankhwe: mawu amene ndinayankhula ku kalabu Loweruka

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukangoona bilimankhwe mumathawa, ati akaluma sasiya. Kanyamaka kalibe poizoni. Ngozi ili kwa iko, makamaka ife achinyamata tikakatsekera m'botolo kapena m'katoni n'kumati tikuweta.

Tiyambe ndi khola. Bilimankhwe ndi wa mumtengo, choncho khola likhale lalitali: masentimita 60 m'lifupi mbali zonse, 120 kupita m'mwamba. Mbali zake zikhale za sefa kuti mphepo izidutsa. Galasi ayi. Limatentha ngati uvuni, komanso limatchinga kuwala kwa dzuwa kotchedwa UVB kumene thupi lake limafuna kuti mafupa alimbe. Ikanimo nthambi zopyapyala zoti azigwira ndi zala zake, ndi masamba ambiri obisalamo. Dzuwa la m'mawa lizimufika, koma mthunzi usasowe. Ndipo m'modzi yekha basi! Awiri amalimbana, wofookayo amada bii n'kusiya kudya.

Madzi a m'mbale sawadziwa. Amanyambita madontho a pamasamba, ndiye muziwaza masambawo m'mawa ndi madzulo, kapena boolani kabowo pa kabotolo kazidontha pamwamba.

Tsopano chakudya, pamene ambiri amagwa ulesi. Amadya tizilombo tamoyo, toyenda, chifukwa amasaka ndi maso kenako n'kuponya lilime lija, lotalika kuposa thupi lake. Ziwala, ana a nkhululu, ntchentche, zonsezi amadya. Muzisinthasintha, ndipo kachilombo kasakule kuposa mutu wake m'lifupi. Ngumbi zili ndi mafuta ambiri, zikhale za apo ndi apo. Nunkhadala ndi ziphaniphani musayerekeze, zili ndi poizoni. Chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi ziwala za m'munda wopoperedwa mankhwala a mbozi kapena za m'dimba la tomato. Chiwala chimaoneka chabwinobwino, koma chanyamula imfa. Mukagwira ziwala pamalo abwino, zisungeni tsiku limodzi mukuzidyetsa nkhwani, mpiru kapena karoti, kuti zimene zadyazo zikamupindulire mwini wake. Musanamupatse, ziwazeni ufa wosalala wa zikamba za mazira zowiritsa, apezemo calcium.

Mwaona ntchito yake? Ndi ya tsiku ndi tsiku, ngakhale m'chilimwe ziwala zikasowa.

Komanso si bilimankhwe aliyense wogwira. Ku phiri la Mulanje kuli mtundu wosapezeka kwina kulikonse padziko, umene asayansi amautcha Nadzikambia mlanjensis, dzina lochokera ku mawu athu omwe akuti nadzikambe. Nkhalango yake ikutha, ndipo malonda a abilimankhwe kunja amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Musanasunge aliyense, kafunseni kaye ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife.

Ine maganizo anga, ngati kalabu ikufunadi abilimankhwe, tidzale mpanda wa zitsamba kuseri kwa holo, tisapopereko mankhwala. Mvula ikagwa abwera okha. Amene ali ndi mbande abwere nazo Loweruka likudzali.