Kupuma Pang'ono Si Ulesi

Pa tsiku lino lokumbukira zaka za Chigwirizano chathu tamva za ntchito zambiri zimene amayi agwira, monga kuyendera odwala, kutonthoza anamfedwa ndi kusamala nyumba ya Mulungu. Ine ndifuna kulankhula za chinthu chimene ambiri timachita nacho manyazi, ndicho kupuma.

Taganizani za tsiku la mayi. Kusanache ali kale kuchitsime. Akatula ndowa wanyamula khasu, pochokera kumunda wasenza nkhuni, akafika pakhomo mphika uli pamoto, mwana ali kumsana. Ntchito ina ikatha ina yayamba, popanda mpata pakati. Ndipo akangokhala pansi, ena ayamba kunong'ona kuti ndi waulesi.

Amayi, mawu a Mulungu satiphunzitsa choncho. Pa Marko 6:31 timamva kuti anthu anawachulukira ophunzira mpaka kusowa nthawi ya chakudya, ndipo Ambuye anawatengera padera kuti akapume. Ntchito inali isanathe, pakuti tsiku lomwelo anadyetsa amuna 5,000. Pa Yohane 4:6 Ambuye mwini wake, atatopa ndi ulendo, anakhala pambali pa chitsime cha Yakobo. Nayenso Rute, mkazi wakhama uja, nthawi ya chakudya itakwana anasiya kukunkha nakhala pansi ndi okolola, ndipo atadya anabwerera m'munda nagwira ntchito mpaka madzulo. Kodi ameneyu tingamutche waulesi?

Thupi lathu Mulungu analipanga ndi malire. Munthu akalimbikira ntchito nthawi yaitali osapumira, minofu imalema, maso amatopa, maganizo amayamba kuyendayenda. Padzuwa thupi limataya madzi ndi thukuta, mutu n'kuyamba kuwawa. Apa m'pamene mpeni umacheka chala, khasu limatema phazi, ndiwo zimapserera, ndipo mwana amakwawira kumoto mayi ali pomwepo osamuona. Apanso m'pamene timakalipira ana ndi amuna athu pa zinthu zazing'ono, mawu amene timadzawalirira pambuyo pake.

Nanga tichite bwanji? Choyamba, mukatsiriza ntchito ina musathamangire inzake. Khalani pamthunzi mphindi 5 kapena 10, mwani madzi kapena thobwa, wongolani msana. Chachiwiri, inu osoka, oluka ndi ogwira ntchito pa kompyuta, akatswiri a maso amalangiza kuti pa mphindi 20 zilizonse mukweze maso ndi kuyang'ana kutali kanthawi. Chachitatu, kupuma kukhale kupumadi. Kutenga foni kapena kuyamba miseche sikupumitsa mutu, ndipo mphindi 10 zija zimasanduka ola lathunthu. Ndi bwino kungokhala chete kapena kupereka pemphero lalifupi, kenaka n'kudzuka. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Tsopano ndilankhule ndi inu amayi aakulu. Mpongozi wanu akatula mtolo wa nkhuni nakhala pansi, musamunyoze. M'patseni madzi, mulandireni mwana. Makamaka amene ali woyembekezera kapena woyamwitsa, muuzeni ndinu kuti apume, pakuti iye yekha amaopa pakamwa panu. Chimodzimodzinso pa maliro ndi pa misonkhano yathu, tisalole kuti amayi omwewo akhale pautsi kuyambira m'mawa mpaka usiku, ena tili pamphasa. Tizilandirana mthiko monga timalandirana munsi pamtondo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ntchito ya Chigwirizano ikali yambiri patsogolo pathu, ndipo ifuna amayi amphamvu ndi a mtima wofatsa. Tiyeni tisamale matupi amene Ambuye anatipatsa, kuti timutumikire zaka zambiri. Ambuye akudalitseni nonse.