Mtima Ukatopa

Usiku uno tikambirana za nthenda imene madotolo amati kulephera kwa mtima. Dzinali lisakuopseni. Mtimawo sunaime ai, koma watopa, ndipo sutha kutumiza mwazi wokwanira thupi lonse.

Inu a ku migodi mudziwa nchito ya mapampu. Pa mgodi wa Konkola ku Chililabombwe madzi ndi ambiri, kotero kuti mapampu sapuma usana ndi usiku. Atafooka, madzi angayambe kudzaza pansi ndi kumakwera. Mtima nawo ndi pampu, imene mwa munthu wamkulu itumiza mwazi wonga malita 5 pa miniti imodzi. Ukafooka, madzi atsalira m'thupi. Mapazi ndi miyendo zitupa, ndipo mukatsindika cala potupapo patsala kadzenje. Madziwo akafika m'mapapu munthu acita befu pokwera kamtunda, atsokomola, ndipo usiku adzidzimuka alikubanika.

Kwathu munthu akatupa miyendo ndi kutsokomola, akulu amati ndi mdulo, ndipo kawiri kawiri mlandu ugwera mkazi amene anathira mcere m'ndiwo. Tisafulumire kupasula banja. Zimene zitopetsa mtima n'zodziwika: kuthamanga kwa mwazi kwa zaka zambiri, zilonda za pakhosi zimene sizinaciritsidwe paubwana, kucepa kwa mwazi, mowa wopitirira, ndi mapapu oonongeka ndi fumbi la miyala. Akazi ena iwagwira atangobereka kumene. Mcere uli nawo mlandu ndithu, pakuti usunga madzi m'thupi, koma dzanja limene linauthira lilibe cifukwa.

Tsono wodwala akafika ku cipatala, namwino acita ciani? Samgoneka cagada, koma amkhazika tsonga ndi mitsamiro kumsana kuti apume bwino. Awerenga kugunda kwa mtima, ayesa mkodzo umene wataya, ndipo m'mawa uli wonse amkweza pa sikelo. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, motero sikelo iulula madzi obisala maso asanawaone. Ampatsanso mankhwala ocotsa madzi, onga furosemide, ndi ena opeputsa nchito ya mtima.

Nthenda imeneyi kawiri kawiri siitheratu, koma woisamala akhoza kukhala zaka zambiri. Cifukwa cace wodwala akaturuka, namwino ndinu a pa nyumba. Mankhwala amwe masiku onse, ngakhale miyendo yaphwa, pakuti ambiri abwerera ku cipatala cifukwa cowasiya ataona kuti apezako bwino. Ocotsa madzi amwe m'mawa, kuti usiku agone. Mcere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'kapenta, m'nsomba zouma ndi m'zakudya za m'zitini. Soda wa m'therere nayenso asunga madzi. Asagule yekha mankhwala a zowawa onga ibuprofen ndi diclofenac, pakuti aonjezera kutupa. Fodya ndi mowa asiye, koma kuyenda pang'ono pang'ono asaleke.

Ngati alemera makilogalamu oposa 2 pa masiku atatu, kapena ngati ayamba kufuna mitsamiro yambiri kuti agone, pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo. Akabanika ali cikhalire, kapena akalavula thovu lofiirira, musadikire kuti kuce.

Ndipo inu abambo ndi amai amene muli bwino lero, kapimitseni kuthamanga kwa mwazi, pakuti kumaononga mtima mwakacetecete. Mwana akadwala zilonda za pakhosi ndi kutentha thupi, mutengereni ku cipatala. Pamene simunamvetse funsani namwino, pakuti safunsa anadya phula.