Mwamuna Weniweni Ndani?



Tikamadutsa pa msika wa Mangochi kapena ku Monkey Bay dzuŵa lili paliwombo, timamva kulira kwa mfuti m'kanyumba kotchingidwa ndi ziguduli. Tikasuzumiramo, tipeza ana athu aamuna ali duu pa mabenchi, ena atavala yunifolomu ya sukulu. Anaŵa ali m'kalasi ndithu, koma mphunzitsi wawo sitinamusankhe ndife.

Dziko lathu linalibe wailesi yakanema mpaka 1999, koma Bruce Lee ndi Rambo anali atafika kale m'midzi mwathu kudzera m'mavidiyo. Lero mafilimu otere amamasuliridwa m'Chichewa, kotero kuti ndi kamwana komwe kamamva. Phunziro lake ndi limodzi: mwamuna sapepesa, sakambirana, amangobwezera.

Mphunzitsi wachiŵiri ali m'thumba. Anyamata athu a ku Joni amaika zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp atatsamira galimoto lonyezimira. Palibe amene amajambula kachipinda kamene amagonamo mothinana, kapena mabasi amene mu 2015 anabweretsa abale athu othaŵa ziwawa za ku Durban. Mnyamata wa Sitandade 8 akaona zithunzizo, amayesa kuti mwamuna ndiye amene waoloka Limpopo, ndipo amataya makope. Agogo athu nawonso ankapita ku Wenela, mpaka 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70. Koma iwo pobwera ankafotokoza zonse pabwalo, zokoma ndi zoŵaŵa zomwe.

Kale mwana ankaphunzira chamuna m'bwato la atate ake: kusoka ukonde, kuopa mwera, ndi kupatulako usipa wa mayi wamasiye asanagulitse wotsala. Tifunsane moona mtima: tinaleka liti kuyenda nawo ana athu?

Taganizirani za Yosefe Woyera. Mabuku Oyera sanalembe ngakhale liwu limodzi lotuluka pakamwa pake. Iyenso anapita ku dziko lachilendo, ku Ejipito, koma anatenga Mwana ndi amake, nabwerera nawo ali amoyo. Mphamvu zake zinali zoteteza ena.

Sitikunena kuti tiphwanye mafoni. Tikuti, inu abambo, khalani pansi ndi mwana wanu, onerani limodzi, ndipo mum'funse kuti: amene aphedwa m'filimumu, ana awo adzalera ndani? Inu akatekisiti, itanani ku miphakati anyamata obwerera ku Joni, kuti auze ang'ono awo zimene chithunzi chinabisa. Ndipo ife abambo tikalakwira amayi, tipepese ana akumva, pakuti phunziro limeneli sadzalipeza m'kanema.

M'mera mpoyamba, abale. Yosefe Woyera, mutipempherere ife ndi ana athu. Amen.