Mawaya Awiri pa Nchito Imodzi

Lero ndifuna kulankhula ndi inu eni zigayo ndi mapampu othirira mbeu oyendera magetsi.

Makina akulu afuna waya wonenepa, ndipo waya wotere ngwokwera mtengo, ngwobvutanso kupinda. Cifukwa cace ena amatenga mawaya awiri ocepako, nawalumikiza pamodzi ku nsonga zonse ziwiri kuti agawane katundu. Malamulo a magetsi saletsa zimenezi, koma aikapo malire.

Buku la malamulo la ku Britain, lochedwa BS 7671, liti mawayawo akhale a citsulo ca mtundu umodzi, onenepa mofanana, otalika mofanana, ndipo pasakhale waya wina wopatuka pa njira. La ku America, National Electrical Code, lionjezapo kuti waya wocepera pa saizi ya 1/0, ndiwo masikweya milimita 53, asalumikizidwe motero, kupatula pa nchito zina zapadera.

Kodi cifukwa cace nciani? Inu mudziwa kuti madzi akafika pa ngalande ziwiri, ambiri amathamangira m'ngalande yaifupi ndi yotakata. Magetsi acita cimodzimodzi. Tiyerekeze mawaya awiri onenepa mofanana, ali yense wotha kusenza maampeya 50, koma wina ngwa mamita 10, wina ngwa mamita 15. Makina akakoka maampeya 100, wamfupi adzasenza 60, wamtali 40. Wamfupi uja adzayamba kutentha, koma fyuzi sidzaduka ai, pakuti iyo iwerengera onse pamodzi, ndipo 100 sanapitirire. Tsiku lina cikopa ca waya cidzasungunuka, ndipo moto udzagwira cigayo pamodzi ndi cimanga ca anthu.

Musaphatikizenso waya wa mkuwa ndi wa aluminiyamu, pakuti aluminiyamu apititsa magetsi magawo atatu okha pamene mkuwa upititsa asanu.

Makina akulu ayendera mafezi atatu, ndipo ena amayesa kuti mawaya a mafezi onsewo ayenera kufanana. Buku la ku America liti kufananaku kufunika pa mawaya a fezi imodzi amene alumikizidwa pamodzi.

Tsono nchito yotere ipatseni mmisiri wa magetsi wokhala ndi ciphaso. Akatsiriza, mpempheni apime waya ali yense payekha ndi mita yace makina alikuyenda, inu mulikuona. Manambala akasiyana kwambiri, musalole kuti cigayo ciyambe nchito kufikira atakonza.

Tsalani bwino.