Tijambule Nyimbo za Gitala Eni Ake Akadali Moyo



Lero sindikamba za mitengo ya fodya, ngakhale ndikudziŵa kuti ndiyo ili pamtima pa aliyense kuno ku Kasungu. Ndikamba za gitala, ija yopanda magetsi, imene matchona ankabwera nayo pamodzi ndi njinga ndi sutikesi pochokera ku Salisbury, ku Joni ndi ku migodi ya Kopa.

Kaimbidwe kake kanali kotere: chala chachikulu chinkagunda nsambo za mawu aakulu, chamkombaphala nkumatokosa nyimbo pa nsambo zing'onozing'ono, wina pambali akuwomba botolo ndi msomali. Munthu mmodzi ankamveka ngati aŵiri. Amene munamvapo bangwe kapena kalimba mukudziŵa kale gwero la luso lotere.

M'chaka cha 1952 Hugh Tracey anajambula mnyamata wina, Jean Bosco Mwenda, ku Jadotville m'dziko la Congo, ndipo nyimbo yake ya Masanga inamveka mpaka ku Ulaya. Ku Bulawayo kunali George Sibanda. Ku Lusaka Alick Nkhata ankaimba pa nyumba ya mphepo imene makolo athu ankaimvera pa kawailesi kaja ka Saucepan Special. Kwathu kuno tinali ndi Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene Gerhard Kubik wa ku Austria anamupeza akuimba m'misewu ya Blantyre mu 1967. Anatisiya mu 1987.

Nanga zojambulidwazo zili kuti? Za Tracey zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa, ndipo akunja azitulutsanso pa ma CD. Sindikuwadzudzula ayi, pakuti pakadapanda iwo tikadataya zambiri. Koma Tracey anali mlendo wodutsa ndi galimoto. Woimba amene tsikulo anali m'chigafa kusoka fodya, palibe anamujambula.

Kumbukirani kuti ulendo wa Wenela utaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown, amuna ambiri anabwerera nkudzaloŵa ntchito m'maesiteti a fodya. Amene panthaŵiyo anali ndi zaka 25, lero wapitirira zaka 75. Ngati gitala yake ikadalipo, ili pakhoma, nsambo zinaduka kalekale, ndipo zidzukulu zimamuseka kuti ndi wachikale.

Choncho ndikupempha inu alangizi a zaulimi, aphunzitsi ndi apampando a nthambi, kuyambira ku Santhe mpaka ku Chamama ndi ku Nkhamenya, kuti fodya akapita ku Chinkhoma, ntchito ya nazale isanayambe, mufunse anyakwaŵa ngati m'mudzi muli mkulu wotere. Musapiteko chimanjamanja, mutengeko nsambo zatsopano. Foni muli nayo m'thumba. Polijambula musaloze nkhope yokha, mulozenso zala, ndiponso m'mene akukungira nsambo, popeza ambiri anali ndi kakungidwe kawokawo. Mulembe dzina lake, mudzi, kumene anaphunzira ndi amene anamuphunzitsa. Mukatero, chojambula chimodzi chitsale ndi banja lake, china mubweretse ku ofesi ya chipani kuno ku boma mvula isanagwe.