MAU KWA OFUNA NTCHITO: ZIMENE ZINAYANKHULIDWA PA MSONKHANO WA NTHAMBI YATHU KU JENDA

Mwachokera kutali, ena ku Embangweni, ena ku Champhira, ena ku Luwerezi ndi kwa Khosolo, ndipo sitifuna kukusungani mpaka dzuwa kupendeka. Nkhani yathu lero ndi imodzi: kodi mwana wa kuno ntchito angaipeze bwanji osagulitsa ng'ombe za atate ake pachabe?

Ife a ku Mzimba kufuna ntchito sitinayambe dzulo. Agogo athu ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni. M'chaka cha 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha amuna a dziko lino oposa 70, ndipo boma linaletsa kulembako. Pambuyo pake kunadza TEBA, nayonso inaleka kulemba Amalawi mu 1988. Taonani, pa masiku amenewo munthu ankangoyezedwa m'thupi ndi kudinda chala, basi ntchito yapezeka. Masiku ano wolemba ntchito afuna mapepala, afuna akuoneni, afuna akumveni mukuyankhula. Ambiri a ana athu amagwa pamenepa, osati chifukwa cha ulesi ai, koma chifukwa palibe anawauza.

Tiyambe ndi mapepala. Chitupa cha unzika, chimene chinayamba kuperekedwa mu 2017, chikhale nanu, ndipo dzina lolembedwa pamenepo lifanane ndi la pa satifiketi yanu ya MSCE kapena ya TEVETA. Kuno tili ndi chizolowezi chakuti mwana kusukulu alembetsa dzina la atate, ku chitupa alembetsa chiwongo, ndiye kalaliki akaona maina awiri amangoika kalatayo pambali. Konzani zimenezi musanapemphe ntchito. Satifiketi yeniyeni musasiyire munthu. Perekani fotokope, yeniyeniyo muionetse ndi kubwerera nayo kwanu.

Tsono za kudziwana ndi anthu. Ena amati, "Wopanda mbale mu ofesi asavutike." Mau amenewa ali ndi choonadi pang'ono, koma aononga ambiri. Ntchito zochuluka za kuno, kwa amisiri omanga, m'masitolo a pa Boma, ku matabwa a ku Chikangawa, ku maesiteti a fodya a ku Kasungu, sizilengezedwa m'nyuzipepala, zimamveka pakamwa. Chifukwa chake uzani anthu kuti mukufuna ntchito, ndipo muwauze ntchito yake. Musati, "Iliyonse." Munthu wofuna iliyonse palibe amamkumbukira. Nenani kuti, "Ndimadziwa kuwotcherera," kapena "Ndinaphunzira kusoka." Pitani kwa aphunzitsi aakulu amene anakuphunzitsani, kwa abusa, kwa mmisiri amene munamgwirira ganyu, muwapemphe ngati angalole kukuchitirani umboni. Kuwalemba pa kalata osawapempha ndi mwano, ndipo tsiku limene adzafunsidwa adzati sakukudziwani. Koma kudziwana ndi kwina, chiphuphu ndi china. Wokuuzani kuti mupereke ndalama kuti dzina lanu lilowe, ameneyo ndi wakuba, ndipo lamulo limalanga wolandira pamodzi ndi wopereka.

Tifike pa tsiku la mafunso, limene achinyamata amati intavyu. Pano tikhalitsapo pang'ono, pakuti mwambo wathu womwe umatipinga. Ife tinaleredwa kuti pamaso pa akulu uziyang'ana pansi, uziyankhula motsitsa mau, ndipo usadzitame. Ndi mwambo wabwino, sitiunyoza. Koma anthu atatu kapena anai okhala kuseri kwa tebulo aja sakudziwani, ndipo ali ndi mphindi zochepa. Mukawerama ndi kunong'ona, iwo sati ndinu aulemu, amati simudziwa kanthu. Perekani moni mwaulemu, dikirani akupatseni mpando, kenaka dzutsani mutu, mau amveke.

Adzati, "Tatiuzani za inu." Apa si pofotokoza mzera wa makolo kuyambira kwa Zwangendaba! Nenani dzina, sukulu imene munafika, ndi ntchito imene manja anu agwirapo. Ndipo musapeputse zimene mwachita kumudzi. Msungwana amene wasunga buku la banki m'khonde zaka ziwiri ndalama osasowa, ameneyo ali ndi umboni woposa satifiketi. Mnyamata amene wagulitsa tomato ndi anyezi pa msika uno wa Jenda amadziwa kuwerengera ndi kusunga kasitomala. Zinene zimenezo, ndi manambala ake. Akakufunsani chimene simuchidziwa, vomerani kuti simuchidziwa koma mungaphunzire. Bodza limagwidwa sabata yoyamba. Kumene munachoka musakunyoze, ngakhale anakuzunzani. Chizungu chikakuthawani, pemphani abwereze funso, musangoyankha za kumutu.

Malaya akhale ochapa ndi osita, obwereka alibe mlandu. Lamya muzimitse. Ngati mafunso ali ku Mzuzu kapena pa Boma m'mawa, kagoneni komweko kwa mbale. Galimoto za kumidzi kuno, makamaka nthawi ya dzinja, tonse tikuzidziwa.

Pomaliza iwo amati, "Muli ndi funso?" Safunsa anadya phula. Funsani za malipiro, za maola, ndi za nthawi yoyesedwa. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati wolemba ntchito akupatseni kalata yonena zimene mwapangana, ndiponso mukamachoka mukhoza kupempha kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito pamenepo. Malipiro ochepetsetsa amasintha, kafunseni ku ofesi ya Leba pa Boma musanavomere.

Tisabise, ambiri mwa inu mtima uli ku Joni. Nyumba za malata mukuziona, ndipo sitingakuletseni. Koma dziwani kuti masiku amene amakudindirani pa chipata ndi a mlendo wocheza, si chilolezo cha ntchito, ndipo opyola masiku ambiri atsekeredwa ku Lindela ndi kubwezedwa chimanjamanja. Kumbukiraninso zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008 ndi 2015, pamene abale athu anabwera pa mabasi a boma atasiya zonse. Amai ena analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, nakapezeka ali ngati akapolo, pasipoti italandidwa. Tsono munthu akadza ndi ntchito ya kunja, mufunseni dzina la kampani, malo ake, ndi kalata ya pangano. Mupite nazo ku Leba. Pasipoti kapangitseni nokha ku ofesi ya Immigration ku Mzuzu, ndipo isachoke m'manja mwanu. Akakwiya ndi mafunso anuwo, mwadziwa kale chimene ali. Inunso makolo, musafulumire kugulitsa ng'ombe chifukwa cha mau a pa lamya.

Nthambi yathu yapangana kuti Loweruka lililonse masana alembi azikhala pano kuthandiza kulemba makalata opempha ntchito, ndipo aphunzitsi awiri opuma avomera kumakufunsani mafunso moyeserera, kuti manthawo athere pano. Mubwere ndi mapepala anu onse ndi cholembera. Asungwana musatsalire.