Makolo, dzino la zaka 6 si la ubwana

Ine ntchito yanga ndi ya mano, tsono za mpanda wa sukulu ndi za mabuku ndisiyira ena. Ndabwera ndi nkhani ya dzino.

Mwana amakhala ndi mano a ubwana 20, wamkulu amakhala ndi 32. Tonse tikudziwa kuti a ubwana aja amagwedera n'kuguluka, ena n'kumera pamalo pake. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mwana akafika zaka 6, nthawi imene akuyamba Sitandade 1, kumbuyo kwenikweni kwa chibwano kumamera mano anayi akuluakulu, awiri kumwamba, awiri kumunsi, popanda dzino lina kuguluka. Amabwera mwakachetechete. Amenewa ndi achikhalire, ndipo akachoka palibe ena odzamera.

Apa ndi pamene pagona vuto. Kholo likaona kadontho kakuda pa dzino limeneli limati, "Asiyeni, ndi a ubwana, aguluka okha." Mwana uja amafika kwa ife ali ndi zaka 9 kapena 10, tsaya litatupa, atajomba kusukulu sabata yathunthu, dzino litabooka mpaka pa mtsempha. Pamenepo kawirikawiri chotsala ndi kuzula basi. Dzino loti akanatafunira chimanga mpaka ukalamba latha mwana asanalembe mayeso a Sitandade 8.

Ena amati m'dzino mwalowa mbozi. Mulibe mbozi, abale anga. M'kamwa mwa aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala mu litsiro lomata pa mano. Tikapeza shuga timatulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikutiro cholimba cha dzino. Malovu amachotsa asidiyo n'kukonza pamene paonongeka, koma amafuna nthawi, pafupifupi theka la ola kapena kuposerapo. Choncho funso lalikulu si lakuti mwana wadya shuga wochuluka bwanji kokha ayi, komanso wadya kangati.

Taganizirani tsiku la mwana wa m'tauni muno. M'mawa tiyi wa masipuni atatu a shuga. Pa geti la sukulu switi. Pa buleki filizesi ndi bisiketi. Poweruka switi ina, yoyamwa pang'onopang'ono njira yonse. Kunyumba akupeza Sobo. Malovu apeza nthawi iti yogwira ntchito yake? Sindikunyoza amayi ogulitsa pa geti, nawonso akusaka ya ndiwo. Ndalamayo imachokera m'thumba mwathu ife makolo, ndipo nthochi, mtedza ndi chimanga chootcha zimagulitsidwa pa geti lomwelo.

M'chaka cha 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti ndi bwino shuga woonjezera asapitirire magalamu 25 patsiku, amene ndi masipuni ang'onoang'ono 6. Umenewu ndi muyeso wa munthu wamkulu. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300ml lapitirira kale pamenepo. Mu 2022 bungwe lomwelo linati ana oposa 500 miliyoni pa dziko lapansi ali ndi mano a ubwana owola.

Inu amene munakhalako kunja mwina munaona ana akupita kwa dotolo wa mano dzino lisanayambe kupweteka. Kuno madotolo a mano ndi ochepa kwambiri. Maphunziro a digiri ya udotolo wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow, ndipo ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Ndi chiyambi chabwino, koma mwana wanu amene dzino lake likumera chaka chino sangadikire kuti madotolo achuluke.

Nanga tichitenji? Mwana azitsuka mano kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, amene tonse timangowatcha Colgate ngakhale dzina lili lina. Kuyambira zaka 3 muyeso wake ndi wonga kambewu ka nandolo, osati kudzaza mswachi wonse monga amachitira otsatsa malonda. Akatsuka alavule, koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Kutsuka kwa usiku ndiko kofunika koposa, chifukwa munthu akagona malovu amachepa. Akatsuka, tiyi ayi, switi ayi.

Ndiponso mwana wa zaka 6 sangathe kutsuka bwino yekha. Amapukuta a kutsogolo oonekera pagalasi, mswachi osafika kumbuyo kumene kuli dzino lathu lija, limene pamwamba pake pali timing'alu tosunga zakudya. Muzimuthandiza mpaka zaka 7 kapena 8. Dzino likayamba kupweteka musaike Aspirin pa nkhama, amaotcha. Pitani naye kuchipatala bowo likadali laling'ono, pamene n'zotheka kulimata.

Madzulo ano mukafika kunyumba, muitaneni mwanayo pa kuwala, ayasamule. Yambirani pakati pa mano a kutsogolo n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo mbali imodzi. Asanu oyamba ndi pamalo pa mano a ubwana. Lachisanu ndi chimodzi ndi limene ndakhala ndikunenali.